Botolo Limodzi, Munthu Mmodzi: Kusamala Mankhwala Odontheza M'maso

Nyumba zambiri zili nako kabotolo kotere. Mwina kali pazenera, mwina m'chitini chosungiramo singano ndi mabatani, mwina m'thumba la jekete la abambo. Kanabwera chaka chatha agogo atachitidwa opaleshoni ya ng'ala, ndipo iwo atachira kanatsala ndi timadzi tochepa pansi. Palibe amene anakataya. Mankhwala sititaya wamba, poti timawapeza movutikira, titayenda mtunda n'kukaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lina mwana wadzuka maso atamatana ndi manthongo, mayi akumbukira kabotolo kaja. Mawa lake mnansi afika kudzakabwereka, monga amabwerekera mchere.

Mchere tibwerekane, moto tipalane, koma kabotolo ka mankhwala a m'maso kakhale ka munthu mmodzi, pa nthenda imodzi, kwa masiku owerengeka. Si umbombo ayi. Kabotolo komwe kanachiza agogo kakhoza kutenga matenda m'diso la wina n'kukawatula m'diso la mnzake, ndipo diso likabooka palibe chipatala chimene chingakupatseni lina loona. Kabuku kano ndi ka aliyense amene amadontheza mankhwala m'maso, ake kapena a wina: mayi pakhomo, gadiyani ku wodi, mdzukulu amene akusamala agogo.

Matenda amalowa bwanji m'botolo lokhala ndi chitsekero?

Botolo likamachoka ku fakitale, liyenera kukhala lopanda kachilombo n'kamodzi komwe. Kudetsedwa kawirikawiri kumayamba tsiku limene mwalitsegula, ndipo khomo lake ndi kamlomo kosongoka komwe madontho amatulukira. Kamlomoko kakakhudza nsidze, chikope, chala kapena nsalu, katola tizilombo. Tsono onani zimene zimachitika mukafinya botolo n'kulisiya: limafufumanso pokoka mpweya, ndipo pamodzi ndi mpweyawo limayamwa timadzi timene tinali kunsonga. Ngati timadzito tinakhudzana ndi misozi kapena manthongo, zonsezo zalowa m'kati. Simudzaona kanthu. Mankhwala adzaoneka oyera ngati kale.

Opanga mankhwala amalidziwa vutoli, n'chifukwa chake m'mabotolo ambiri amasakanizamo mankhwala ena oteteza, kawirikawiri otchedwa benzalkonium chloride. Amenewa amachepetsa kuswana kwa mabakiteriya koma sawagonjetsa onse, ndipo pa mavairasi ena alibe mphamvu kwenikweni. Apa m'pamene pachokera lamulo la masiku 28: botolo likatsegulidwa, pakatha milungu inayi litayidwe, ngakhale litatsala theka. Ngati kapepala ka m'katoni kakunena masiku ochepera apo, tsatirani kapepalako. Deti lomwe limalembedwa pafupi ndi zilembo EXP likunena za botolo losatsegula. Ambiri timasokoneza ziwirizi, n'kumati botolo likadali ndi chaka chathunthu pamene tinalitsegula nthawi yokolola ndipo pano mvula yayamba.

Kuti tione kukula kwa ngozi, tikumbukire zimene zinachitika ku America. Kumayambiriro kwa 2023, bungwe la zaumoyo la CDC linachenjeza anthu za madontho onyowetsa maso otchedwa EzriCare Artificial Tears. Madonthowa analibe mankhwala oteteza aja, ndipo m'mabotolo munapezeka bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa, wa mtundu wosamva mankhwala ambiri. Pofika mwezi wa Meyi chaka chomwecho, anthu 81 m'zigawo 18 za dzikolo anali atapezeka ndi kachilomboka. Anthu 14 anasiya kuona, anayi anachotsedwa diso, ndipo anayi anamwalira. Awa sanali mankhwala amphamvu. Anali madzi ongofewetsa diso louma, m'dziko lokhala ndi zipatala zapamwamba.

Diso limagonja msanga chifukwa cha mmene linapangidwira. Kutsogolo kwake kuli kakhungu koonekera ngati galasi, komwe kuwala kumalowera. Galasi la disoli n'lopyapyala, pafupifupi theka la milimita pakati pake, ndipo lilibe mitsempha ya magazi yobweretsa msanga asilikali a m'thupi. Likakhala losalala limadziteteza bwino. Koma likakandika, kaya ndi tsamba la chimanga, kachitsotso kapena chikhadabo cha mwana, bakiteriya ngati Pseudomonas akhoza kulidya n'kuliboola m'masiku awiri kapena atatu okha. Ndipo taganizani: munthu amene amafuna madontho ndi uja diso lake lavulala kale. Botolo lodetsedwa limapeza chitseko chili chotsegula.

Musanachoke pazenera lolandirira mankhwala

Pazenera pamakhala mzere wautali ndipo wopereka mankhwala amafulumira, koma safunsa anadya phula. Musachoke musanadziwe diso loti muzidontheza, lamanja, lamanzere kapena onse awiri. Kangati pa tsiku. Kwa masiku angati. Komanso ngati botololo likufuna malo ozizira. Pemphani kuti akulembereni pakatoni kapena m'kabuku ka kuchipatala. Ngati mabotolo ali awiri kapena atatu, funsani ntchito ya lililonse, ndipo ngati wodwalayo satha kuwerenga kapena saona bwino, mangirirani kaulusi pa limodzi kuti azilisiyanitsa pogwira.

Pali zinthu zoti muwauze ngakhale asanakufunseni. Wodwala mphumu kapena mtima anene, chifukwa madontho a timolol, omwe amaperekedwa pa matenda a glaucoma, amalowa m'magazi ndipo akhoza kubanikitsa chifuwa kapena kuchedwetsa kugunda kwa mtima. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa anene. Amene anatupapo kapena kutuluka zidzolo atalandira mankhwala ena, anenenso.

Onani kuti chitsekero chili ndi chidindo chake chosadulidwa. Mukafika kunyumba n'kulitsegula, lembani pabotolo penipenipo dzina la wodwala ndi deti la tsikulo. Katoni imasochera, botolo limatsala. Ngati mukugula, gulani ku famase yovomerezedwa ndi bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno. Kabotolo kogulitsidwa pamsika, kataunjikidwa padzuwa pakati pa mabatire ndi mankhwala a makoswe, simungadziwe kumene kachokera ngakhale zimene zili m'kati.

Kadonthezedwe kake

Yambani ndi manja. Sambani ndi sopo pa madzi oyenderera, kaya a pampopi, a pa mpondagiya kapena othiriridwa ndi wina, mukupaka pakati pa zala ndi m'zikhadabo kwa masekondi osachepera 20. Musapukute ndi chitenje chimene mwavala. Kansalu kochapa kapena kungowagwedeza kuti aume n'kwabwino koposa.

Ngati zikope zili ndi manthongo, ayambe achoka, chifukwa dontho likagwera pa manthongo silifika pa diso. Wiritsani madzi, muwasiye azizire atavindikiridwa, nyowetsani kathonje kapena kansalu kochapa bwino, ndipo pukutani diso lili chotsinzina kuchokera cha kumphuno kupita cha kukhutu. Kupukuta kumodzi, kathonje kamodzi. Diso lina likhale ndi kathonje kakekake. Mukatha sambaninso m'manja.

Werengani dzina la pabotolo nthawi iliyonse, ngakhale mukulidziwa. Timabotolo ta mankhwala a m'khutu timafanana kwambiri ndi ta m'maso, ndipo pali anthu amene anadonthezapo guluu womata nsapato m'diso atatenga kabotolo mumdima. Ngati pabotolo alemba kuti ligwedezedwe, makamaka mankhwala ooneka ngati mkaka, ligwedezeni. Chitsekero muchigwire m'manja kapena muchigoneke cham'mbali pamalo oyera, kukamwa kwake kusakhudze kanthu.

Wodwala akhale pampando n'kupendeketsa mutu chammbuyo, kapena agone chagada, ayang'ane kudenga. Ndi chala chimodzi kokerani pansi chikope cham'munsi kuti papangike kathumba. Botolo likhale m'mwamba, patali ngati zala ziwiri kuchokera pa diso, ndipo kuti dzanja lisanjenjemere litsamizeni pachipumi cha wodwalayo. Finyani dontho limodzi ligwere m'kathumbako, osati pakati pa diso pamene pamachititsa munthu kuphethira. Kamlomo ka botolo kasakhudze chilichonse, ngakhale nsidze imodzi. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Kakakhudza diso lomwe likutuluka mafinya, musakapukute ndi chala kapena nsalu poganiza kuti mwakonza. Auzeni achipatala, ndipo ngati n'kotheka akupatseni botolo lina.

Dontho limodzi n'lokwanira. Ambiri sakhulupirira zimenezi, amadontheza atatu kapena anayi kuti mankhwala agwire msanga. Koma dontho limodzi lomwelo ndi lalikulu kale kuposa malo amene diso lili nawo, ndipo owonjezerawo amangoyenderera patsaya, botolo n'kutha masiku asanakwane. Ngati mwaphonya, dontho lagwera panja, donthezani lina.

Likalowa, wodwala atsinzine pang'onopang'ono, osafinya zikope, osaphethiraphethira, ndipo asindikize ndi chala pakona ya diso cha kumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pamenepo pali kanjira komwe misozi imatsikira kupita m'mphuno ndi kukhosi, n'chifukwa chake ena amamva kuwawa kukhosi akadontheza mankhwala m'maso. Mukatseka kanjirako, mankhwala amakhalitsa pa diso pamene akufunika, ndipo ochepa okha ndi amene amalowa m'magazi. Tsekani botolo nthawi yomweyo, musambenso m'manja.

Ngati pali mitundu iwiri ya madontho, dikirani mphindi zisanu pakati pake, apo ayi wachiwiri amatsuka woyamba. Ngati pali mankhwala opaka a m'kachubu, monga tetracycline amene ambiri timawadziwa, akhale omaliza. Finyirani kamzere kotalika ngati sentimita imodzi m'kathumba komwe kaja, kamlomo ka chubu kasakhudze diso. Musapake ndi chala, nthenga kapena kamtengo ka machesi. Maso amachita chimbuuzi kwa kanthawi; musadandaule, koma musakwere njinga mpaka ayere.

Mwana wamng'ono salola. Musalimbane naye botolo lili m'manja, chifukwa pamenepo m'pamene kamlomo kamabaya diso. Mukulungeni m'chitenje manja ali m'kati, mumugoneke chagada pamiyendo panu, wina amugwire mutu. Akakana kutsegula, donthezani pakona ya diso cha kumphuno ali chitsinzinire, zikope zitapukutidwa kale. Akangotsegula, dontho lilowa lokha. Agogo onjenjemera manja kapena osaona bwino asamadzidonthezere okha. Pakhale munthu mmodzi pakhomo amene waphunzira ntchitoyi ndipo akudziwa nthawi zake.

Ku wodi ndi ku chipinda choyezera maso

Kuchipatala n'kumene maso odwala amakumana, ndipo mbiri ikuonetsa kuti chipatala chikalekerera chimasanduka gwero la matenda. Mu 1941, ku Pearl Harbor ku Hawaii, anthu masauzande ogwira ntchito yokonza sitima zapamadzi anadwala maso ofiira. Ambiri ankapita ku kachipatala ka pantchito kukachotsa tizitsulo togwera m'maso, ndipo matendawo ankayenda kudzera m'manja, m'zida ndi m'mankhwala ogwiritsidwa ntchito pa anthu ambiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti choyambitsa chinali vairasi ya mtundu wa adenovirus, yomwe imatha kukhala yamoyo pa tebulo kapena pa chitsekero cha botolo kwa milungu.

Lamulo la m'wodi n'lakuti wodwala aliyense akhale ndi botolo lake lolembedwa dzina. Zipatala zambiri zimasintha mabotolo a m'wodi masiku 28 asanakwane, chifukwa kumeneko tizilombo n'tambiri ndiponso n'tolimba. Inu agadiyani, amene mumagona pansi pafupi ndi bedi ndipo nthawi zina mumapatsidwa ntchito yodontheza usiku, botolo la wodwala wanu ndi udindo wanu. M'wodi anthu amasanduka abale, amagawana nsima, sopo ndi shuga, ndipo n'zosiririka. Koma wa bedi loyandikana akati ake atha, musamubwereke anu. Mwina iye ali ndi chilonda cha mafinya pamene wanu wachitidwa opaleshoni dzulo. Muyankheni kuti, “Pepani achimwene, awa anatiletsa kugawana, tiyeni ndikakuitanireni anesi.” Mwamuthandiza koposa.

Muli ndi ufulu wofunsanso achipatala, mwaulemu. “Pepani anesi, kodi botolo ili ndi la amayi okhawa?” Namwino wodziwa ntchito yake sangakwiye ndi funso lotere. Anamwino athu amaona anthu ochuluka kuposa mphamvu zawo, ndipo diso lachiwiri loyang'anira limawathandiza. Wogwira maso a odwala ayenera kusamba m'manja kapena kupaka sanitaiza asanagwire munthu wina. Magolovesi osasintha sateteza wodwala. Amangonyamula tizilombo monga manja osasamba.

Ku chipinda choyezera maso zinthu zimasiyana pang'ono. Kumeneko kuli madontho oyezera, ena okulitsa mwanadiso kuti adokotala aone m'kati, ena ochititsa dzanzi. Kumene kulibe timabotolo togwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, botolo limodzi limatha kuthandiza anthu angapo pa tsiku, ndipo chitetezo chake chili poti lisakhudze munthu aliyense, likakhudza litayidwe. Inu thandizani posagwira dzanja la wodonthezayo ndi posatembenuka mwadzidzidzi. Ngati mwabwera ndi maso ofiira otuluka misozi, nenani pofika pomwe kuti akuoneni padera. Madontho okulitsa mwanadiso amachititsa chimbuuzi ndi kuthobwa ndi dzuwa kwa maola angapo, choncho wakabaza kapena woyendetsa galimoto abwere ndi womuperekeza.

Madontho a dzanzi amachotsa ululu m'kanthawi kochepa, ndipo odwala ambiri amapempha kuti atengeko kunyumba. Akakukanizani sakukumanani. Mankhwalawa akamadonthezedwa mobwerezabwereza amalepheretsa chilonda kupola, ndipo diso losamva ululu limakandika mwini wake osadziwa.

Wochitidwa opaleshoni ya ng'ala agwiritse ntchito botolo latsopano lokhalokha, ndipo lisagwiritsidwe ntchito pa diso linalo pokhapokha adokotala atanena. Diso lochitidwa opaleshoni liyenera kumka likupepuka tsiku ndi tsiku. Ululu ukamakula, kufiira kukamawonjezeka, kapena kuona komwe kunabwerera kukayambanso kuzilala, makamaka m'sabata yoyamba, bwererani tsiku lomwelo osadikira deti lomwe anakupatsani. Mwina tizilombo talowa m'kati mwa diso, ndipo pamenepo maola ndi amene amawerengedwa.

Maso ofiira akagwa m'mudzi

Kumayambiriro kwa 2024 nthenda ya maso ofiira inafala m'maiko a kuno kwathu, ndipo m'Malawi inayamba kumveka ku Karonga isanafike m'maboma ena. Miliri yotere si yachilendo mu Africa. Mu 1969 unabuka waukulu ku Ghana, ndipo poti chinali chaka chimene chombo cha Apollo 11 chinafika kumwezi, anthu a kumeneko anaitcha nthendayo Apollo, dzina lomwe likugwirabe ntchito kumadzulo kwa Africa.

Nthendayi simuitenga poyang'anizana ndi wodwala. Imayenda ndi misozi ndi manthongo, kudzera m'manja, thaulo, pilo, mpango, foni, ndi beseni limodzi lomwe banja lonse limasambamo m'manja pa nthawi ya nsima. Wodwala akhale ndi kansalu kake ndi pilo wake, ndipo posamba m'manja muzithirirana. Botolo loyenda nyumba yonse, kuchoka kwa mwana kupita kwa bambo, ndi njira yachidule kwambiri yogawira banja lonse.

Miliri yotere imayamba ndi mavairasi, ndipo madontho monga chloramphenicol kapena gentamicin amapha mabakiteriya, osati mavairasi. Kwa anthu ambiri nthendayi imatha yokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Kansalu koviika m'madzi ozizira oyera, koika pamwamba pa zikope zotsinzina, kamachepetsa kutentha. Achipatala akakuuzani kuti madontho sakufunika, musaone ngati akuthamangitsani chimanjamanja.

Chimene chimachititsa khungu pa miliri yotere kawirikawiri si vairasiyo koma zimene anthu amathira m'maso chifukwa cha mantha: mkodzo, madzi a mandimu, madzi a masamba ofinya, fodya, sopo, mkaka wa m'mawere. Mkodzo wa munthu wodwala chinzonono umanyamula bakiteriya amene amaboola diso m'masiku ochepa. Madzi a masamba amabwera ndi tizilombo ta mtundu wa chuku, tovuta kwambiri kuchiza. Mu 1994, Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wa ku Chikwawa yemwe anapeza kuti mwa odwala galasi la diso, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali atathira mankhwala achikuda m'maso. Sindikunyoza amene amachita zimenezi. Chipatala chili kutali, diso likuwawa usiku, ndipo agogo akupereka chimene akudziwa mwachikondi. Koma m'diso musalowe chilichonse chimene sichinapangidwire diso, ngakhale madzi amchere osungunula pakhomo.

Pali nthawi imodzi yokha imene madzi wamba ayenera kuthiridwa m'diso mosazengereza: mukagwera laimu, simenti, asidi wa batire, mankhwala a m'munda, utomoni wa nkhadze kapena malovu a njoka. Tsukani pompopompo ndi madzi oyera ambiri, diso lili chotsegula, kwa mphindi zosachepera 20, kenako thamangirani kuchipatala.

Madontho oyeretsa diso msanga

Pali gulu la mankhwala limene ndikufuna mulidziwe ndi maina, chifukwa ndi limene limanyenga anthu kwambiri. Ndi ma steroid: dexamethasone, betamethasone, prednisolone, hydrocortisone. Nthawi zambiri amasakanizidwa ndi mankhwala opha mabakiteriya m'botolo limodzi, ndipo otsala kwa agogo a opaleshoni aja kawirikawiri amakhala a gulu limeneli. M'manja mwa adokotala a maso ndi mankhwala ofunika zedi. Amachotsa kufiira ndi kuyabwa mofulumira, n'chifukwa chake mbiri yawo imafala m'mudzi kuti awa ndiye enieni.

Amagwira ntchito pogonetsa chitetezo cha diso. Ngati pa diso pali chilonda cha chuku, monga chimene chimatsatira kukandidwa ndi tsamba la chimanga pokolola, kapena chilonda cha vairasi ya herpes, diso limayera, mwini wake n'kusangalala, pamene chilonda chikukumba pansi. Akagwiritsidwa ntchito kwa milungu kapena miyezi, mwa anthu ena amakweza kupanikizika kwa madzi a m'kati mwa diso, mtsempha woonera n'kumafa pang'onopang'ono popanda ululu. Imeneyo ndiyo glaucoma, ndipo kuona kotayika motero sikubwerera. Amayambitsanso ng'ala. Amene ndimawamvera chisoni koposa ndi ana oyabwa maso chaka chonse, aja maso awo amaoneka oderako. Kholo limapeza kuti botolo lina limathandiza, n'kumangogula lomwelo chaka ndi chaka osabwereranso kokayezetsa. Ngati pabotolo limene muli nalo pali limodzi mwa maina amenewa, ndipo simunalemberedwe ndi wachipatala amene anayeza disolo pa nthenda yomwe ilipo panoyi, musadontheze. Ngati mwana wakhala akuwagwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali, pitani naye pamodzi ndi botololo kuti akamuyeze ndi kukuuzani kasiyidwe kake.

Odwala glaucoma nkhani yawo ndi ina. Madontho awo ndi a moyo wonse ndipo sayenera kudumphitsa ngakhale diso lisakuwawa. Azikatenga botolo latsopano lakale lisanathe.

Khanda

Mwana akabadwira kuchipatala amapakidwa tetracycline m'maso kuti atetezedwe ku tizilombo ta m'njira yobadwira. Khanda losakwana mwezi likatupa zikope n'kumatuluka mafinya, musalifinyire mkaka wa m'mawere ndipo musatenge botolo la munthu wamkulu. Pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati ndi chinzonono, mwanayo amafunika jakisoni, madontho okha sakwanira, ndipo mayi ndi bambo onse awiri ayenera kulandira chithandizo.

Posungira, pobwerera ndi potayira

Kutentha ndi dzuwa zimaononga mankhwala, choncho pazenera, pafupi ndi moto kapena m'thumba la malaya si malo ake. Madontho ena, monga chloramphenicol, amafuna filiji, koma osati m'chipinda choumitsa madzi. Ngati mulibe filiji nenani pomwe mukulandira. Mwina akupatsani opaka a m'chubu, omwe safuna kuzizira. Apo ayi, ikani botolo m'kapulasitiki kouma komanga bwino n'kuliika pamthunzi pafupi ndi mtsuko wa madzi, osaliviika m'madzimo. Likhale patali ndi ana. Kabotolo ka atropine n'kakang'ono, koma mwana akamwa akhoza kufa.

Mankhwala opha mabakiteriya malizani masiku onse amene anakuuzani. Koma musaumirire botolo pamene diso likuipiraipira. Bwererani msanga ngati kuona kwachepa, ululu uli waukulu, kuwala kukulasa, pagalasi la diso paoneka kadontho koyera, mafinya akuchuluka, zikope zatupa n'kuyabwa mutayamba mankhwala, kapena papita masiku awiri kapena atatu popanda kusintha. Wodwala shuga, amene ali ndi HIV, mwana wodwala chikuku ndi amene watuluka mashingozi pachipumi asadikire n'komwe. M'zipatala za maboma mumapezeka achipatala ophunzira za maso, ndipo matenda akakula amatumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu kapena Nkhoma. Popita tengani mabotolo onse amene mwagwiritsa ntchito, ndipo ngati munathira zachikuda nenani mosabisa, chifukwa zimathandiza adokotala kusankha mankhwala oyenera.

Botolo litayidwe likakwana masiku 28 chitsegulireni, likasintha mtundu, mukaoneka tizinthu toyandama, likasowa chitsekero, likafufutika dzina, kapena nthenda yomwe linaperekedwera ikatha. Njira yabwino ndi kulibweza kuchipatala kapena ku famase kuti akaliwononge. Ngati n'kutali, liponyeni m'chimbudzi chokumba lili chitsekere. Kudzala ayi: ana amatola timabotolo totere n'kumaseweretsa, kuthiramo madzi a m'chithaphwi ndi kudonthezerana m'maso poyerekeza adokotala.